Chisankho cha bodi chimayambira pa kaundula

Mabungwe a anthu ogwira ntchito imodzi, monga Malawi Law Society la maloya, ICAM la akatswiri owerengera chuma, kapena bungwe la anamwino ndi azamba, amatsogoleredwa ndi anthu owerengeka amene mamembala amawasankha. Anthuwa ndiwo amayang'anira ndalama za umembala, ndiwo amalankhula ndi boma m'malo mwa anzawo, ndipo m'mabungwe ena mawu awo amamveka pamene membala akuzengedwa mlandu wophwanya mwambo wa ntchito. N'chifukwa chake chisankho chotere chimakhudzanso munthu wamba amene sadzalowamo m'chipinda choponyera voti, chifukwa bodi yolowa mwachinyengo siikhala ndi nkhope yodzudzulira membala amene walakwira kasitomala kapena wodwala.

Mamembala ambiri amatsegula maso pa tsiku loponya voti, koma m'kuona kwanga chisankho chimakonzeka kapena kuonongeka masabata angapo tsikulo lisanafike, pa kaundula wa oyenera kuvota. Malamulo a mabungwe ambiri amalola okhawo amene alipira ndalama za umembala, ndipo amene amadziwa kuti walipira ndani ndi ofesi ya mlembi, imene imayankha kwa bodi yomwe ili pampando, yomwenso ena mwa anthu ake akufuna kubwereranso. Apa sipofunika kuti wina akhale wakuba kuti zinthu zipotoke. N'zokwanira kuti ofesi ikumbutse msanga mamembala a chigawo chimodzi za ngongole zawo n'kuchedwa kukumbutsa a chigawo china. Ndinakhalapo pa msonkhano wa bungwe lina pamene mndandanda wa ovota unamatidwa pakhomo m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo anthu amene anayenda usiku wonse pa basi anabwezedwa ali ndi malisiti m'manja. Palibe voti imene inabedwa tsikulo, koma opambana anatha nyengo yawo yonse akutchedwa olowera pawindo. Kaundula ayenera kutsekedwa pa tsiku lolengezedwa kale, aperekedwe kwa opikisana onse mofanana, ndipo pakhale masiku oti membala amene dzina lake lasowa akadandaule.

Oyendetsa chisankho asakhale a m'bodi kapena antchito a muofesi. Komiti yapadera, yosankhidwa ndi msonkhano waukulu osati ndi pulezidenti, ndiyo ilandire mayina, iunike ngati ofuna mipando akukwaniritsa zofunika, ndipo ikakana munthu ilembe chifukwa chake.

Nkhani imakula pamene ovota ndi nthumwi zochepa. Bungwe la mpira la FAM si la akatswiri a ntchito imodzi, koma limaonetsa bwino kulemera kwa voti ya nthumwi: mu Disembala 2023 ku Mzuzu, a Fleetwood Haiya anagonjetsa a Walter Nyamilandu, amene anali pampando kuyambira 2004, ndi mavoti 23 kwa 13. Anthu 36 okha ndiwo anagamula, kutanthauza kuti nthumwi zisanu ndi imodzi zikanasintha maganizo, wopambana akanakhala wina. Bungwe lililonse lovota mwa njira imeneyi liyenera kulemba poyera za alawansi, thiransipoti ndi malo ogona a nthumwi, kuti zonsezi zichokere m'thumba la bungwe mofanana, osati kwa wofuna mpando. Liyeneranso kuteteza chinsinsi cha voti, ndipo masiku ano zimenezi zikutanthauza kuletsa foni m'kachipinda kovotera, popeza nthumwi yolonjezedwa kanthu imauzidwa kuti ijambule pepala lake ngati umboni.

Kuvota kukhale kwachinsinsi, koma kuwerenga kuchitike aliyense akuona. Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi kuchokera kutali. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, ndipo mwa zifukwa zake panali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex. Zomwezo zimagwira ntchito pa bungwe la mamembala mazana awiri. Bokosi lionetsedwe kuti n'lopanda kanthu lisanatsekedwe, chiwerengero cha mapepala chifanane ndi cha anthu amene asayina kaundula, mavoti awerengedwe m'chipinda chomwecho pamaso pa mamonita a opikisana onse, ndipo monita aliyense atuluke ndi pepala la zotsatira losayinidwa. Wolemba akalakwitsa nambala, adule mzere umodzi, alembe yolondola pambali, onse asayinepo.

Chigamulo chomwecho chinasiya phunziro lina limene mabungwe ambiri sanalitole. Khoti linamasulira mawu akuti majority, a m'gawo 80 la malamulo aakulu, kuti akutanthauza mavoti opitirira theka. Malamulo a mabungwe athu ambiri analembedwa m'Chingerezi ndipo mawuwa amapezekamo opanda kumasulira, kotero kuti pakakhala opikisana anayi, wotsogola ndi mavoti osafika theka akhoza kutsutsidwa. Msonkhano waukulu ugamuliretu ngati wopeza mavoti ambiri wapambana basi, kapena awiri otsogola abwerezenso.

Kuvota pa intaneti ndikukuyamikira, chifukwa namwino wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sangasiye odwala n'kulipira ulendo wa ku msonkhano waukulu ku Mangochi kuti akaponye voti imodzi. Komabe funso la kaundula silichoka, limangosamukira kwa amene akutumiza manambala achinsinsi ovotera. Makinawo ayendetsedwe ndi kampani yakunja kwa bungwe, opikisana aone mndandanda wa amene atumiziridwa manambala, ndipo pakhale kalondolondo woti woona za mabuku akhoza kutsimikiza kuti aliyense wavota kamodzi.

Wogonja naye apatsidwe khomo logogoda. Malamulo atchule masiku operekera dandaulo ndi komiti ina yolimva, yosiyana ndi imene inayendetsa chisankho, ndipo mapepala onse asungidwe omatidwa kufikira masikuwo atatha. Kumene njirayi kulibe, wodandaula amathamangira ku High Court kukatenga chiletso, bodi yatsopano imalephera kusayina ngakhale cheke, ndipo ndalama za mamembala zimathera kwa maloya a mbali zonse ziwiri.