Chihindu Sichilamula Kuzunza Thupi Pogonjetsa Zilakolako

Kwa zaka zambiri anthu akhala akubwereza zoti Chihindu chimati chilakolako chilichonse ndi choipa, ndipo wofuna kuchigonjetsa azidzimana chakudya n'kuthawira kunkhalango. Zafika potopetsa, chifukwa si zoona.

Alipo ndithu osiya zonse, otchedwa sannyasi, koma imeneyo si njira ya aliyense. Kama, kutanthauza chisangalalo ndi chikondi, ndi chimodzi mwa zolinga zinayi za moyo, pamodzi ndi dharma (kuchita zoyenera), artha (chuma) ndi moksha (kumasuka ku kubadwa mobwerezabwereza). Mu Bhagavad Gita, limodzi mwa mabuku opatulika a Chihindu, pa 6:16, mulungu Krishna akuuza msilikali Arjuna kuti yoga, njira yodziletsa pa moyo wauzimu, si ya wodya mopyola muyeso kapena wosadya n'komwe. Pa 3:6 akutcha wachinyengo munthu woletsa ziwalo zake pomwe mtima ukulingalirabe zokoma.

Nkhondo yeniyeni ili m'maganizo, ndipo 2:62-63 ikulongosola bwino kagwedwe kake. Ukamangoganizira chinthu umakomedwa nacho, kukomedwa kumabala chilakolako, chilakolako chimabala mkwiyo, mkwiyo umasokoneza mutu, umaiwala zimene unaphunzira, nzeru n'kutha. N'chifukwa chake kusala kokha sikukwanira: 2:59 imati chinthucho chimachoka koma nkhuli yake imatsala. Wanzeru amabweza maso ndi makutu ngati kamba wolowetsa miyendo m'chigoba, ndipo maganizo akathawa amawabwezanso, kangati konse.

Musanatumizire anzanu zonena ngati izi, funsani mutu ndi ndime. Buku la Bhagavad Gita lili ndi mitu 18 yokha, ndipo limapezeka pa intaneti. Yerekezani zomasulira ziwiri, muwerengenso ndime zoyandikana nazo. Popanda ndime, uthengawo uthere pa inu.