Mmene anthu a ku Alaska anaphunzirira kulemba dzina la Murkowski

Mu Ogasiti 2010, Mayi Lisa Murkowski, senata woimira Alaska, anagwa pachisankho chachipulula cha chipani cha Republican m'chigawo chimenechi cha America. Anawagwetsa ndi a Joe Miller, loya yemwe ankathandizidwa ndi Mayi Sarah Palin, gavanala wakale wa Alaska, ndi gulu la Tea Party lofuna kuti boma lichepetse misonkho ndi ndalama zomwe limagwiritsa ntchito, ndipo anangosiyana mavoti pafupifupi 2,000. Ambiri anati mayiwa zawo zada, mpando wawo ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za America, wapita.

Mpandowo unali ndi chilema kuyambira pachiyambi. Mu 2002 bambo awo, a Frank Murkowski, atasankhidwa kukhala gavanala, anasiyira mwana wawo yemweyo malo awo ku Senate, ndipo mawu oti "anachita kupatsidwa" sanawachoke ngakhale atapambana okha mu 2004. Komabe anali ndi chinthu chimene a Miller analibe. Iwo anabadwira m'tauni ya Ketchikan ku Alaska komweko mu 1957, Alaska asanakhale n'komwe chigawo cha America, pomwe a Miller anabadwira ku Kansas n'kubwera atakula kale.

Pa 17 Sepitembala analengeza kuti aimabe. Dzina lawo silikanasindikizidwanso papepala loponyera voti, choncho aliyense wowafuna anayenera kudetsa kabwalo kenaka kulemba yekha ndi dzanja dzina la zilembo zisanu ndi zinayi lochokera ku Poland. Munthu womaliza kulowa mu Senate mwa njira imeneyi anali Strom Thurmond mu 1954.

Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Kampeni inasanduka sukulu. Anagawa tizibangiri tapamkono tolembedwa dzinalo kuti munthu akafika m'kachipinda kovotera angoyang'ana padzanja n'kukopera chilembo chimodzichimodzi. Pa wailesi yakanema ankaonetsa mpikisano wa ana otchula zilembo za dzinalo. Tizibangiri timeneti tinakafika mpaka m'midzi ya eni nthaka monga Ayupik ndi Ainupiat, kumene kulibe msewu ndipo katundu amabwera pandege kapena paboti.

Anthu a m'midzimo sanangokopeka ndi mawu oti "mwana wakwathu". A Miller ankafuna kuchepetsa ndalama zochokera ku boma lalikulu ku Washington, pomwe zipatala zing'onozing'ono, mipope yamadzi ndi mabwalo a ndege akumidzi zimadalira ndalama zomwezo. Senata wakale Ted Stevens, amene anazikokera kwawo kwa zaka 40, anali atangomwalira pangozi yandege pa 9 Ogasiti chaka chomwecho, ndipo anthu ankaopa kutsala opanda wowalankhulira. Bungwe la eni nthaka la Alaska Federation of Natives linaima ndi Mayi Murkowski, ndipo makampani a eni nthaka, omwe anabadwa ndi lamulo la malo la 1971, anasonkha ndalama kudzera m'gulu la Alaskans Standing Together. Kunyadira kwawo kunali ndi zofuna za pamimba mkati, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo.

Mavoti a pa 2 Novembala anawawerenga ku Juneau, likulu la Alaska, pepala limodzilimodzi, oimira a Miller akutsutsa lililonse lokhala ndi chilembo chophonya. Mayi Murkowski anapeza mavoti opitirira 100,000, kuposa a Miller ndi mavoti pafupifupi 10,000, ndipo ngakhale mavoti otsutsidwawo akanachotsedwa onse, akanatsogolabe. Nkhani inakafika kukhoti lalikulu la Alaska, lomwe linagamula kuti chofunika ndi cholinga cha woponya voti. A Miller anavomera kugonja pa 31 Disembala.