Digiri ya utsogoleri wa sukulu yopanda laisensi: imakufikitsani pati?

Chaka chatha mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana anandiimbira foni usiku, mawu akuchita kunjenjemera. Anaphunzitsa sekondale ku Malawi zaka 9 asanatsatire amuna awo ku America. Kumeneko anadzimana zaka 2, masana akusamalira okalamba, usiku ali pa kompyuta, mpaka anatenga digiri yachiwiri ya utsogoleri wa sukulu. Tsiku lofunsira ntchito ya wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya boma, fomu ya pa intaneti inawaimitsa pa funso limodzi lokha: nambala ya laisensi yanu. Analibe. "Achimwene, ndiye kuti ndalama zonse zija ndaponya m'madzi?" anandifunsa.

Sanaponye m'madzi. Ndagwira ntchito m'sukulu zoyima pazokha kwa nthawi yaitali, poyamba m'kalasi, kenako mu ofesi, ndipo digiri yanga ndi ya mtundu womwewo, yopanda laisensi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinaisankha ndikudziwa chimene ndikugula. Mayiwa sanadziwe, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa aphunzitsi athu ambiri amene akuona zotsatsa za mayunivesite a ku America pa Facebook akhoza kugwa m'mbuna yomweyi.

Ku America sukulu siziyendetsedwa kuchokera ku Washington monga momwe unduna wathu umayendetsera zinthu kuchokera ku Capital Hill. Dzikolo lili ndi zigawo 50 zimene amazitcha ma state, ndipo chigawo chilichonse chimadziikira malamulo a munthu amene angakhale mkulu wa sukulu ya boma. Pafupifupi konse amafuna laisensi, chiphaso cha boma chololeza munthu kutsogolera sukulu. Ku Texas uyenera kukhala ndi digiri yachiwiri, laisensi ya uphunzitsi, zaka 2 za m'kalasi, komanso ukhoze mayeso a chigawocho. Ku California amafuna zaka 5. Zigawo zina zimalembetsa mayeso a bungwe lokonza mayeso la ETS otchedwa School Leaders Licensure Assessment. Kuwonjezera apo pamakhala miyezi yophunzira ntchito pansi pa mphunzitsi wamkulu amene ali kale ndi laisensi. Yunivesite siipereka laisensiyo. Iyo imangokuchitira umboni ku boma la chigawo kuti wamaliza maphunziro ovomerezeka, ndipo boma ndilo limatulutsa chiphasocho.

N'chifukwa chake mayunivesite ambiri anagawa digiri imodzi panjira ziwiri. Aphunzitsi ake ndi omwewo, nthawi zina ngakhale kalasi ndi imodzi, ndipo zonse zimatenga chaka chimodzi kapena ziwiri. Njira yoyamba imathera ku laisensi, ndipo kawirikawiri amalandira okhawo amene ali kale ndi laisensi ya uphunzitsi ya ku America. Yachiwiri ndi ya ena onse. Mphunzitsi wochokera ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Tete alibe laisensi ya Indiana, choncho khomo limene limamutsegukira msanga ndi lachiwirilo. Pa satifiketi pamalembedwa mawu ofanana, ndipo apa m'pamene anthu amasokonezekera.

Tsono digiri yopanda laisensi ndi ya ndani? Ku America komweko, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 aliwonse amaphunzira pa sukulu yoyima payokha: za Katolika, za mipingo ina, ndi zina zoyendetsedwa ndi bodi yawoyawo. M'zigawo zambiri boma silikakamiza mkulu wa sukulu zotere kukhala ndi laisensi, ngakhale kuti dayosizi kapena bodi ikhoza kuifuna mwa kufuna kwake. Palinso sukulu za charter, zimene zinayamba ndi lamulo la ku Minnesota mu 1991. Izi zimalandira ndalama za boma koma zimadziyendetsa zokha, ndipo malamulo a laisensi pa sukuluzi amasiyana chigawo ndi chigawo. Ntchito yotsogolera sukulu zoyima pazokha si yachabechabe ayi: ku Teachers College ya Columbia University ku New York kuli Klingenstein Center, imene kuyambira 1977 yakhala ikuphunzitsa atsogoleri a sukulu zoyima pazokha. Kunja kwa America msika wa digiri yopanda laisensi ndi waukulu kuposa pamenepo: sukulu za ana a mayiko osiyanasiyana, mabungwe othandiza pa maphunziro, sukulu za mkaka, maofesi a m'makoleji, maunduna. Amene akufuna kubwerera kumudzi kukatsegula sukulu yake ku Area 25 kapena kukatsogolera sukulu ya mishoni, laisensi ya Texas alibe nayo ntchito.

Ndipotu penapake njira yachiwiriyi imam'komera kwambiri munthu wotere. Anzathu a njira ya laisensi amathera miyezi akuloweza malamulo a chigawo chawo, kagawidwe ka ndalama za misonkho, ndi mapangano a mabungwe a aphunzitsi akumeneko. Ife nthawi imeneyo tinkaphunzira kuwerenga bajeti ya sukulu imene imadalira fizi, kudziwa kuti ana akachepa ndi 20 chaka chamawa malipiro a aphunzitsi achokera kuti, ndiponso kukhala bwino ndi bodi imene inakulemba ntchito ndipo ikhoza kukuchotsa. Amene anayendetsapo sukulu yoyima payokha amadziwa kulemera kwa sabata yachitatu ya teremu, pamene makolo ena sanamalize fizi ndipo mwini sukulu akufuna kuti ana abwezedwe kunyumba. Kukhala pakati pa awiriwa, mwana osamuchititsa manyazi pamaso pa anzake, sukulu osaigwetsa, ndi luso lofunika kuliphunzira.

Koma phunziro limene linandisintha linali laling'ono. Aphunzitsi athu a ku yunivesite anatituma kukakhala kumbuyo kwa kalasi ndi pepala ndi wotchi, n'kutiletsa kulemba mawu akuti "bwino" kapena "zosakhala bwino". Tilembe zokhazo zimene maso aona ndi nthawi yake. Pepala langa linali ndi mizere yotere: 9:14, mphunzitsi wafunsa funso, wadikira masekondi 2, wayankha yekha. 9:17, wafunsanso, ayankha anyamata atatu omwe aja a kutsogolo. 9:25, mtsikana wa pawindo sanatsegulebe kope. Kale ndikapita kukaonerera mnzanga akuphunzitsa, ndinkatuluka ndi chigamulo, iye n'kuyamba kudziteteza, tonse n'kusiyana titakwiya. Tsiku limenelo ndinangoika pepalalo patebulo. Mphunzitsiyo analiwerenga kawiri, kenako anati, "Sindimadziwa kuti sindiwapatsa mpata." Mawa lake anayamba kuwerenga chamumtima mpaka 5 asanatchule dzina la mwana. Kafukufuku wa 2004 wa bungwe la ku America la Wallace Foundation anapeza kuti mwa zinthu za pasukulu zimene zimakhudza kukhoza kwa ana, utsogoleri umabwera pambuyo pa kaphunzitsidwe ka m'kalasi kokha. Ine ndinazimvetsa pa pepala lija.

Chilema cha njira yopanda laisensi ndichinene poyera. Mayunivesite ambiri amachotsamo miyezi ija yophunzira ntchito pansi pa mphunzitsi wamkulu, n'kuikamo kafukufuku kapena maphunziro odzisankhira. Potero amachotsa mnofu weniweni. Munthu ukhoza kumaliza ndi magiredi apamwamba usanakhalepo m'chipinda m'mene kholo likukalipa, kapena usanauzepo mphunzitsi wachikulire kuposa iwe kuti ntchito yake yatsika. Ngati mwasankha njira imeneyi, dzipezereni nokha ahedi amene angakuloleni kuwatsatira tsiku limodzi pa sabata, kuyambira pa asembule mpaka potseka geti. Kafukufuku wanu womalizira akhale pa vuto lenileni la sukulu yeniyeni, monga atsikana amene akusiya sukulu mu Fomu 2 kapena aphunzitsi amene akuchoka chaka chilichonse.

Musanalipire kalikonse, lemberani yunivesiteyo ndipo ikuyankheni polemba ngati maphunzirowo amathera ku laisensi, komanso ya chigawo chiti. Kuyambira mu Julaye 2020 malamulo a boma la America amalamula mayunivesite kuulula zimenezi pa maphunziro okonzekeretsa anthu ntchito zofuna laisensi, choncho musachite manyazi kufunsa. Onaninso ngati yunivesiteyo ndi yovomerezeka, ndipo ngati mudzagwiritse ntchito digiriyo kwathu, yambani mwafunsa ku mabungwe ounika masatifiketi: NCHE ku Malawi, ZAQA ku Zambia kapena SAQA ku South Africa. Amene mukuganiza kuti digiri ya pa intaneti ikupezetsani viza ya ophunzira, dziwani kuti viza ya F-1 imafuna kuti maphunziro ambiri muzichita muli m'kalasi. Abale a ku England nkhani yanu ndi ina: kumeneko satifiketi ya uhedi yotchedwa NPQH inasiya kukhala yokakamiza mu 2012, ngakhale kuti olemba ntchito ambiri amaikondabe.

Ndiyeno pali funso la mtengo. Digiri ya ku America imadya madola zikwizikwi, ndipo kwa munthu amene amalandira makwacha imeneyi ndi ngongole ya zaka. Ngati moyo wanu wonse wa ntchito udzakhala ku Malawi, yang'anani kaye pafupi. University of Malawi ku Zomba ili ndi digiri yachiwiri ya ndondomeko, mapulani ndi utsogoleri wa maphunziro, ndipo Mzuzu University ili ndi ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka maphunziro. M'makalasi amenewo mudzakhala ndi ahedi a ma CDSS ndi alangizi a zamaphunziro amene akudziwa tanthauzo la kalasi ya ana 100 yokhala ndi mabuku 15, ndipo anthu amenewo ndi amene mudzawaimbire foni zinthu zikadzavuta.

Mayi aja a ku Indiana tinakhala nawo pa foni mpaka pakati pa usiku, tikuwerenga limodzi zofunika pa laisensi ya chigawocho, imene amaitcha Building Level Administrator. Tinapeza kuti sayenera kuyambiranso digiri. Akufunika laisensi ya uphunzitsi, umboni wa zaka za m'kalasi zimene chigawocho chingazivomereze, ndi maphunziro aafupi owonjezera amene mayunivesite amapereka kwa anthu amene ali kale ndi digiri yachiwiri. Ayamba kutolera mapepala awo a ku Malawi kuti akaunikidwe. Pakali pano analembedwa ntchito pa sukulu ina ya mpingo, kumene akuyang'anira kaphunzitsidwe m'makalasi a ana aang'ono. Sabata yatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: pepala la m'kope lolembedwa nthawi kumanzere, mzere woyamba ukuti 8:42.