Cleveland inawina bwanji magemu 15 otsatizana osagula katswiri watsopano?

Timu ikayamba sizoni ndi moto anthu amathamangira kunena kuti yagula osewera, kaya ili ndi ndalama zambiri. Ine ngati kochi wa basketball kuno ku Mangochi ndimakonda kupereka chitsanzo cha Cleveland Cavaliers ya mu ligi ya NBA ku America, chifukwa zomwe inachita mu 2024 zimatsutsa maganizo amenewo. Inawina magemu 15 oyambirira onse osaluzako ndi kamodzi komwe, mpaka pa 19 Novembala pomwe Boston Celtics inaigonjetsa 120 kwa 117. Mu mbiri yonse ya NBA ndi Golden State Warriors yokha ya 2015 yomwe inayamba bwino kuposa apa, iyo inafika pa 24. Koma anyamata a Cleveland anali omwe aja, Donovan Mitchell, Darius Garland, Evan Mobley ndi Jarrett Allen, omwe sizoni yapitayo anawina 48 pa magemu 82.

Nde chinasintha ndi chani?

Tiyambe ndi zomwe sizinasinthe, poti mpamene pagona nkhani. Mu basketball muli anthu asanu okha mbali iliyonse ndipo mumapatsidwa masekondi 24 kuti muponye, ndiye palibe nthawi yoganiza kuti mnzanga ali kuti, umayenera kungodziwa. Timu yomwe yabweretsa osewera atsopano imatha miyezi iwiri yoyamba ikuphunzirana, wina waponya pasi mnzake wathamangira kwina, difensi nayo anthu awiri alondola munthu mmodzi wina nkutsala yekha pansi pa ringi. Cleveland inalibe vuto limenelo. Zili ngati asodzi omwe akhala akukokera limodzi khoka zaka zambiri, sauzana kuti koka apa, aliyense amamva pa chingwe zomwe mnzake akuchita. Komanso sizoni yapitayo Garland anathyoka nsagwada ndipo Mobley anachitidwa opaleshoni ya bondo, moti anayi aja sankapezeka limodzi mokwanira. Ulendo uno anayamba onse ali bwinobwino.

Chomwe chinasintha ndi kochi. J.B. Bickerstaff anachotsedwa nkubwera Kenny Atkinson, yemwe anali wothandizira kochi wamkulu Steve Kerr ku Golden State, ndipo anabwera ndi kaseweredwe koti mpira usamakhalitse m'manja mwa munthu mmodzi. Ukapereka pasi usaime, thamanga, dutsa kumbuyo kwa yemwe akukulondola, wina adzaze malo wasiyawo. Kale Mobley, mnyamata wamtali kuposa mamita awiri, ankangodikira pafupi ndi ringi pomwe Allen nayenso ali pomwepo, ndiye njira inkatsekeka. Atkinson anamupatsa mpira kuti aziyenda nawo yekha, aziponyanso ma three, mashoti akutali a mapointi atatu, basi womulondola uja amakakamizika kutuluka kunja, nkusiya mpata woti Garland ndi Mitchell alowe. Gemu yoyamba ku Toronto anachinya mapointi 136, ndipo sizoni yonse palibe timu inachinya mapointi ambiri pa gemu kuposa iwo.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine kwambiri ndi benchi. Gemu ya NBA ndi ya mphindi 48, Mitchell ankasewera pafupifupi 35 sizoni yapitayo, Atkinson anamutsitsa kufika cha mma 31. Mphindi zinayi zimaoneka zochepa eti, koma zichulukitseni ndi magemu 82, kuphatikiza maulendo a pandege ndi kusewera masiku awiri otsatizana, muona kuti miyendo ya munthu yapulumuka kwambiri. Ndipo mphindi zimenezo sizitayika ayi, zimapita kwa anthu ngati Ty Jerome, yemwe pafupifupi sizoni yonse yapitayo anali panja atavulala kakolo, nkubwera kumachinya ngati woyamba gemu. Wosewera wa pabenchi akadziwa kuti alowa ndithu lero, amapanga trening ndi mtima wonse, ndipo kota yomaliza akatswiri anu amalowa ali ndi mpweya pomwe anzawo akuwefuka.

Apa ndipomwe ndimadandaula ndi matimu athu a kusukulu ndi m'madera muno. Timasewera pa khoti ya simenti dzuwa la Mangochi likuswa mtengo, Okutobala ndi Novembala mukudziwa nokha mmene kumatenthera, koma kochi amasiya anyamata asanu omwewo mphindi 40 zonse, ena akhala pabenchi atavala jezi osakhudza mpira. Pofika kota yachitatu miyendo yalemera, mashoti akugwera pafupi, mafaulo achuluka chifukwa munthu wotopa amalondola ndi manja mmalo mwa miyendo. Ndiye chaka chamawa ana apabenchi aja asiya kubwera, timu iyambanso pa ziro. Kusinthana osewera ndi kusunga gulu limodzi sizifuna ndalama iliyonse, izi tingathe ifenso.

Tinenenso chilungamo, kuwina 15 motsatizana mwayi umakhalapo, gemu ina ku Milwaukee anawina ndi pointi imodzi yokha Mitchell ataponya kumapeto penipeni. Komanso kumayambiriro matimu ena amakhala asanakuphunzireni, pofika ma playoffs, magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni, aonera mavidiyo anu onse ndipo mukumana ndi timu imodzi mpaka kasanu ndi kawiri. Cleveland inamaliza sizoni itawina magemu 64 nkuluza 18, nambala wani kuchigawo cha kummawa, Atkinson anatenga mphoto ya kochi wabwino wa chaka, Mobley ya difensi. Koma mu raundi yachiwiri ya ma playoffs Garland anali ndi vuto la chala chakuphazi, Mobley nayenso anaphonyako gemu atavulala, ndipo Indiana Pacers, timu yothamanga komanso ya benchi yamphamvu ngati iwowo, inawatulutsa 4 kwa 1.