Msonkhano wa ku Makerere wa 1962: mkangano unayambira pa dzina la msonkhano

Chimwalirireni Ngũgĩ wa Thiong'o, mlembi wotchuka wa ku Kenya, pa 28 Meyi 2025, nkhani yakale ija yabukanso, yoti kodi mlembi wa mu Africa azilemba m'chilankhulo chanji. Ambiri amene analemba zomulira anatchulako msonkhano wa ku Makerere, koma mongolambalala, ngati aliyense akudziwa zimene zinachitika kumeneko.

Msonkhanowu unachitika mu Juni 1962 pa koleji ya Makerere mumzinda wa Kampala, kutatsala miyezi inayi kuti Uganda alandire ufulu wodzilamulira. Sunali woyamba. Alembi ndi aluso achikuda anali atakumana kale ku Paris mu 1956 ndi ku Rome mu 1959, moitanidwa ndi a magazini ya Présence Africaine, kumene Chifalansa n'chimene chinkamveka kwambiri. Wa ku Kampala anaukonza mogwirizana ndi gulu la alembi ndi aluso la Mbari la ku Ibadan m'dziko la Nigeria, ndipo amene anathamanga nawo kwambiri anali Ezekiel Mphahlele wa ku South Africa. Iye pa nthawiyo ankagwira ntchito ku Paris, ku bungwe la Congress for Cultural Freedom, lomwe linatulutsa ndalama zake.

Anthu anabwera osankhika. Ku Nigeria kunachokera Chinua Achebe, Wole Soyinka, J. P. Clark, Christopher Okigbo ndi Gabriel Okara. Bloke Modisane ndi Lewis Nkosi anaimira a ku South Africa omwe anali atathawa tsankho kwawo. Kunali Grace Ogot wa ku Kenya, Langston Hughes wochokera ku America, komanso Rajat Neogy, mkonzi wa magazini ya Transition. David Rubadiri wa kuno kwathu, yemwe anaphunzira pa Makerere pomwepo, amatchulidwanso pa mndandanda wa amene analipo. Ngũgĩ anali mwana wasukulu chabe, akudziwikabe kuti James Ngugi.

Pamene pagona nkhani ndi pa dzina limene anaupatsa: msonkhano wa alembi a mu Africa olemba m'Chingerezi. Pokonza msonkhano wotere, dzina limabwera poyamba, kenako mndandanda wa oitanidwa umatsatira dzinalo, ndipo matikiti a ndege ndi malo ogona zimatsatira mndandandawo. Mawu akuti "m'Chingerezi" atangolembedwa, khomo linatsekeka kwa Shaaban Robert, mlakatuli wamkulu wa Chiswahili, ndi D. O. Fagunwa, amene nthano zake za Chiyoruba zinkawerengedwa m'sukulu za kumadzulo kwa Nigeria. Ngũgĩ yemwe anadzadandaula pambuyo pake kuti iye analowa chifukwa cha nkhani ziwiri zokha zazifupi zomwe zinali zitasindikizidwa, pomwe akuluakulu amenewa, a mabuku ambirimbiri, sanayenere kuitanidwa. Kwathu kuno lamulo lomwelo likanawasiya panja a Samuel Josiah Ntara, amene buku lawo la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana mphoto pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, n'kumasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira.

Okonza msonkhanowo ali ndi podzitchinjirizira, ndipo si popeputsa. Msonkhano wa zilankhulo zambiri umadya ndalama. Kumasulira pompopompo kumafuna omasulira osachepera awiri pa chilankhulo chilichonse, osinthana pafupifupi theka lililonse la ola, chifukwa mmodzi akapitirira pamenepo amayamba kudumpha mawu. Ndakatulo ndiye simungazimasulire pakamwa: zimafunika kumasuliridwa kusanache, kuzitaipa, kuzichulukitsa, n'kugawira anthu kuti akafike atawerenga. Ku Kampala zokambirana zinkatsamira pa zolemba za anthu omwe anali m'chipindamo, wina n'kumasenda mnzake pamaso pomwe, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha nonse mukuwerenga chilankhulo chimodzi. Komabe kutchipa kwa njira imeneyi kunali ndi mtengo wake. Mutu woyamba pa ndondomeko unali wofunsa kuti zolemba za mu Africa n'chiyani, ndipo anakangana ngati mzungu wolemba za Africa angawerengedwe, ngati mwana wa Africa wolemba za kunja angawerengedwe, mpaka anabalalika osagwirizana chimodzi. Funso la chilankhulo silinapeze mwini wolilimbikira, poti eni ake anali asanaitanidwe.

Amene anaponya mwala anali Obi Wali wa ku Nigeria. Mu 1963 analemba mu Transition kuti zolemba za Aafirika m'zilankhulo za ku Ulaya ndi njira yosatulukira kulikonse, ndipo zidzangokhala kamchira ka zolemba za azungu, zowerengedwa ndi kagulu kochepa ka ophunzira. Makalata omuyankha anasefukira m'magaziniyo. Yankho lokhalitsa linali la Achebe, amene anati m'dziko ngati Nigeria, la zilankhulo mazanamazana, Chingerezi n'chimene chimalola mlembi kulankhula ndi dziko lonse, bola achipinde kuti chisenze za kwawo. Mfundo imeneyo ndi yolemera, ngakhale siyankha za Shaaban Robert, amene Chiswahili chake chinkamveka kale m'mayiko angapo.

Powerenga mbiriyi ndi bwino kudziwa kuti amene akuikamba ndani. Zambiri zomwe anthu amabwereza lero zimachokera m'buku la Ngũgĩ la 1986, Decolonising the Mind, lolembedwa patapita zaka 24, mwini wake atasintha kale maganizo. Mu 1962 iye sanali wotsutsa. Anapita ndi zolemba zake kwa Achebe kuti amuonere, ndipo mwa njira imeneyo buku lake la Weep Not, Child linafika ku kampani yosindikiza mabuku ya Heinemann n'kutuluka mu 1964. Kutembenuka kwake kunadza mochedwa: anamangidwa kumapeto kwa 1977 chifukwa cha sewero la m'Chigikuyu, chilankhulo cha kwawo, limene anakonza ndi anthu a m'mudzi wa Kamĩrĩĩthũ, ndipo m'ndende ya Kamiti analemba buku lake loyamba la Chigikuyu pa mapepala a kuchimbudzi. Umboni wake ndi wa munthu amene analipo, koma wouona ndi maso a pambuyo.

Palinso za ndalama zija. Mu 1966 ndi 1967 manyuzipepala a ku America anaulula kuti Congress for Cultural Freedom inkalandira ndalama mobisa kuchokera ku CIA, bungwe la akazitape la boma la America. Ena amatenga pamenepa n'kunena kuti msonkhano wonse unali chiwembu chokweza Chingerezi. Kumeneko n'kupitirira umboni. Mphahlele anakana kuti ankadziwa gwero la ndalamazo, ndipo alembi ngati Soyinka sanali anthu ouzidwa zolemba. Chooneka n'chakuti wopereka ndalama amasankha msonkhano woti aulipirire, ndipo umene unalipiriridwa unali wa Chingerezi.

Misonkhano ina inatsatira, ku Dakar ndi ku Freetown mu 1963, yokamba zolowetsa mabuku a Aafirika m'maphunziro a m'mayunivesite. Chichitikireni wa ku Makerere, panatenga zaka 38 kuti kuchitike msonkhano waukulu woika zilankhulo za mu Africa patsogolo, ku Asmara m'dziko la Eritrea mu Januwale 2000, Ngũgĩ ali mmodzi mwa otsogolera. Awiri aja sanauone. Fagunwa anamwalira mu 1963, ndipo Shaaban Robert anamwalira ku Tanga, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mu Juni 1962, mwezi womwewo umene anzake ankakumana ku Kampala.