Musanati reverb yafa, tembenuzani ampu

Sabata siitha osabwera munthu ndi rack, bokosi lothira eko pa mawu a gitala, pa kabaza, n'kunena kuti reverb yake yafa, ikungomveka phala. Ndikaiyesa pa benchi imakhala ili bwinobwino. Ndikafunsa mmene amailumikizira, yankho limakhala lomwelija: gitala mu rack, rack pa input ya kumaso kwa ampu, gain n'kuikweza mpaka kumapeto. Anyamata a mabandi a m'matchalitchi a ku Chinamwali ndi ku Matawale, ophunzira a ku Chirunga, ngakhale madala oimba m'maukwati amene anagwira gitala ine ndisanamere ndevu, onse amapunthwa pa malo amodzi ngati anachita kupangana. Ndatopa kufotokozera mmodzimmodzi.

Delay imabwereza mawu, reverb imawasiyira mchira ngati m'holo yaikulu; zoposa pamenepo sindinena. Amene anatulutsa ndalama kugula chipangizocho akudziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ampu ya gitala ndi zigawo ziwiri m'bokosi limodzi. Choyamba ndi preamp, imene imalandira kamphamvu kochepa kochokera ku gitala n'kukakuza, n'kukaumba ndi bass, middle ndi treble. Distortion imabadwira momwemo. Chachiwiri ndi power amp, imene ntchito yake n'kukankha sipika basi. Tsono distortion siingokhakhalitsa mawu ayi, imawapanikizanso: cholowa mokweza ndi cholowa motsitsa zimatuluka pafupifupi zofanana. Delay imakoma chifukwa kubwereza kulikonse kumatsika kuposa kwam'mbuyo mpaka kuzimirira. Mukaiika patsogolo pa distortion, zobwereza zimene zimayenera kuzimirira zija zimadzutsidwanso mpaka kulingana ndi noti imene mukuimba panopa, ndipo manoti awiri akaphwanyidwira pamodzi amabala timawu tina tonyansa timene zala zanu sizinakhudze n'komwe. Mchira wa reverb nawo umatero. Phala lanu lija ndi limeneli.

Tembenuzani ampu. Kumbuyo kuli mabowo awiri olembedwa Send ndi Return, pena Preamp Out ndi Power Amp In. Ali pakati penipeni pa zigawo ziwiri zija, distortion itapangidwa kale. Chingwe chichoke pa Send kupita pa input ya rack, china chichoke pa output ya rack kubwerera pa Return. Njira imeneyi ndiyo loop. Gitala ilowe kumaso yokha, kapena kudzera mu ma pedal oponda ndi phazi monga wah, compressor ndi overdrive ngati muli nazo, poti zimenezo kwawo ndi kumaso. Pa ma ampu ambiri amene amafika kwa ine, mabowo awiriwa amakhala odzaza fumbi ndi ukonde wa kangaude. Chigulireni sanalowemo kanthu.

Wina anena kuti iye saimba za distortion, amaimba zoyera, sebene ndi reggae, ndiye vuto lili pati? N'zoona kuti pa mawu oyera mlandu umachepa, ndipo kale ma ampu asanakhale ndi mabowo amenewa eko ya tepi inkalowera kumaso komweko, nyimbo n'kumakoma. Koma rack si pedal. Ma rack ambiri anapangidwira mphamvu ya line, ya mu studio. Pickup, imene imatola mawu a nsambo pa gitala, imafuna input ya impedance yaikulu (yosakoka mphamvu yambiri), pafupifupi 1 megohm. Mukaibaya pa input ya line, imene yake ndi yotsika kwambiri, treble imathawa, gitala n'kumamveka ngati yadwala chimfine. Pokhapokha ngati rack yanuyo ili ndi bowo lakelake lolembedwa Guitar kapena Instrument.

Mukamagwiritsa ntchito delay ndi reverb pamodzi, delay iyambe, reverb itsatire, kuti noti ndi zobwereza zake zonse zimveke ngati zili m'chipinda chimodzi. Mukasinthanitsa, delay imabwereza chifunga cha reverb. Alipo amene amachita dala zimenezi pa nyimbo zodekha za kulambira, ndipo sindikangana nawo malinga akudziwa chimene akuchita.

Ena amalumikiza molondola koma n'kubwerabe akudandaula, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala kabatani kamodzi. Kumbuyo kwa rack, pena kwa ampu, kuli kabatani kolembedwa +4 ndi -10. Si kokongoletsa. +4 ndi mavolti 1.23, -10 ndi mavolti 0.32, ndiye zikusiyana pafupifupi kanayi. Ampu ikamatumiza +4 rack ikuyembekezera -10, kagetsi kofiira ka clip kamangoyaka ndipo mawu amang'ambika, kung'ambika kowawa m'makutu kosafanana ndi distortion ya ampu. Zikasemphana mbali inayo, rack imalandira zochepa, inu n'kukweza output, n'kukwezera limodzi phokoso la siii. Menyani nsambo zonse mwamphamvu pa channel imene imafuula kwambiri, kwezani input ya rack mpaka kofiira kaphethire, bwezani pang'ono. Kenako zulani zingwe zonse ziwiri za loop, mverani voliyumu, bwezeraninso. Isasiyane.

Dziwaninso mtundu wa loop yanu. Ya series imadutsitsa mawu onse mu rack, choncho mix, kuchuluka kwa eko poyerekeza ndi mawu enieni, mumaikonzera mu rack momwemo, ndipo ine pa siteji sindipitirira 20 kapena 25 peresenti. Ya parallel imasunga mawu enieni a gitala mkati mwa ampu n'kungotumiza gawo lina ku rack. Muizindikira ndi kabatani kopotokola kolembedwa Mix kapena FX Level pafupi ndi mabowo aja. Pa yotereyi rack iyenera kukhala 100 peresenti wet, kutanthauza eko yokhayokha, kapena muyatse Kill Dry ngati ilipo. Rack ya digito imachedwetsa mawu ndi milisekondi imodzi kapena ziwiri poasandutsa manambala ndi kuwabweza. Mukalola mawu a dry, aja opanda eko, adutsenso mu rack, amafika ku power amp kawiri, ena pa nthawi yake ena mochedwerapo, ndipo mbali zina za mawu zimafafanizana. Gitala imapyapyala, imamveka yamphako, munthu n'kuyamba kuneneza sipika. Chenjerani: pa ma rack ambiri akale mix imasungidwa payokhapayokha pa preset iliyonse, makonzedwe aja osungidwa mu rack. Mukonza pa preset 12, mukapita pa 13 vuto labwerera.

Amene ali ndi delay payokha ndi reverb payokha akhoza kuzisonkhanitsa pa line mixer, iliyonse pa channel yake pambali pa mawu a dry. Ndi mmene ankamangira ma rack akuluakulu a ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya Bob Bradshaw, mmisiri womanga ma rack a oimba gitala, ena mpaka kukhala ndi masipika atatu, yapakati ya dry, zam'mbali za eko. N'zokoma kumva uli wekha m'chipinda. Koma kuno, kumene gitala imatengedwa ndi maiki imodzi n'kutuluka mu mono pa masipika a tchalitchi, ndalama zimenezo muguleko zingwe zabwino.

Ndipo musanatsegule reverb, ombani m'manja kamodzi mu holomo mumvetsere. Maholo athu ambiri ndi makoma a simenti, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Khoma lakumbuyo likakhala pa mamita 20, mawu amapita n'kubwerera pakatha milisekondi pafupifupi 120. Imeneyo ndi delay yaulere imene ilibe batani lozimitsira. Pamwamba pake inu muthirapo preset yolembedwa Cathedral, wa pa mikisa nayenso amakonda eko yake ija ya alaliki ndipo waithira pa channel iliyonse, ndiye gitala imodzi yanyamula eko zitatu. Gwirizanani kuti athire ndani. M'nyumba yotere ine reverb ndimaifupikitsa isapitirire sekondi ndi theka, n'kuika pre-delay ya milisekondi 30 kuti noti iyambe yatuluka yokha, n'kuidula bass. Nthawi zina ndimaizimitsiratu. Delay iyende ndi ng'oma: 60,000 kugawa ndi BPM, kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi. Pa 120 mupeza milisekondi 500, ndipo ija yodumphadumpha imene anyamata a lead amaikonda ndi magawo atatu mwa anayi a pamenepo, 375. Sebene ikathamanga, kubwereza kumodzi kapena kuwiri n'kokwanira.

Kunyowa kwa kuno nakonso kuli ndi mlandu wake. Nyengo ya mvula, nkhungu ikamatsika m'phiri, timalata ta mkati mwa mabowo a Send ndi Return timachita dzimbiri. Mawu amadutsa pa timalatato ngakhale simukugwiritsa ntchito loop, choncho ampu imayamba kudukiza, voliyumu kutsika yokha, mukaimenya pamwamba n'kubwerera. Lumikizani Send ndi Return ndi kachingwe kakafupi. Kudukiza kukatha, mwapeza wodwala. Mankhwala ake ndi contact cleaner, osati oyilo wa injini kapena mafuta ophikira amene ndimapeza atathiridwamo.

Zonsezi n'za kukoma kwa nyimbo, ndipo mukazinyalanyaza palibe amene afe. Zotsalazi n'zina.

Ampu ina ilibe loop. Mwiniwake amapita kwa wokonza mawailesi ndi mafoni, amene amamuuza kuti zosavuta, titenge pa waya wa sipika tilowetse mu rack. Pa waya wa sipika pamadutsa mavolti makumi angapo, pamene input ya rack imayembekezera volti imodzi ndi pang'ono. Imapsa. Ikakhala ampu ya machubu ndipo sipika yazulidwa, thiransifoma ya output nayo ikhoza kupsa, ndipo imeneyo simuipeza m'sitolo iliyonse. Ampu yopanda loop ikani maiki patsogolo pake, delay ndi reverb zichokere pa aux ya mikisa. Basi. Rack yochokera ku America iyambe yawerengedwa kumbuyo: ikalembedwa 120V yokha, magetsi athu a 230 aiotcha musanamalize kuphethira.

Koma imene imandisowetsa mtendere ndi nkhani ya earth, waya wachitetezo wothawitsira magetsi pansi. Mukalumikiza rack ndi ampu, nthawi zambiri pamabuka kulira kwa mmm kosalekeza, kwa 50 Hz ya magetsi athu. Chimachititsa n'chakuti zipangizo ziwirizi zakumana kawiri, kudzera pa earth ya pulagi ndi kudzera pa chingwe cha mawu. Mmisiri wachinyengo amadziwa njira yachidule: amatsegula pulagi n'kudula waya wa giriini ndi yelo, kapena kutaya pulagi yonse n'kutsekera mawaya awiri mu soketi ndi timitengo ta machesi. Kulira kumathadi, ndipo iye amalandira ndalama ndi ulemu.

Anabwera mnyamata wina wa bandi ya tchalitchi cha kunjira ya ku Domasi, nkhani yake ili ya reverb ngati anzake onse. Tili mkati mokonza anangotchula akuseka kuti maiki imamuluma mlomo akamaimba atagwira nsambo, moti anaiveka sokosi. Ndinamufunsa kuti zinayamba liti. Anati chibwerereni rack, miyezi ingapo. Ndinamutuma akatenge zonse, mpaka extension. Pulagi ya ampu, earth yodulidwa. Ya rack, yodulidwa. Mu extension munalibiretu waya wachitatu, ndipo pa malo a fyuzi panali kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Nsambo za gitala ya magetsi zimalumikizidwa ndi kawaya kuchokera pa bridge, kudzera m'chingwe, mpaka ku chitsulo cha ampu. Munthu akagwira nsambo wagwira ampu. Kuluma kuja kunali kamagetsi kochepa kamene nthawi zonse kamathawira ku earth mwakachetechete, tsono kasowa njira n'kupeza mlomo wake, popeza maiki inali ndi earth kudzera ku mikisa. Tsiku limene waya wamoto angakhudze chitsulo cha ampu mkatimo, palibe fyuzi imene ingapse, ndipo 230 yonse ikhala ikudikira pa nsambo. Leslie Harvey, woimba gitala wa bandi ya Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maiki imene earth yake sinali bwino.

Mapulagi awiri aja ndinawakonza pomwepo. Koma soketi za ku tchalitchi kwawo ndi extension yatsopano zinkafuna ndalama ndi chilolezo cha akuluampingo, ndipo uthenga umene unabwera unali wakuti tidikire Pepa Sande. Ndinawalembera kalata. Sanayankhe. Ndikudziwanso chimene chimachitika zida zikafika kumeneko: earth yabwerera, kulira kwa mmm kwabwerera, Lamlungu layandikira, ndipo wodula mawaya uja amakhala pafupi kuposa ine. Mnyamatayo sanabwerenso, ndipo ndikamva bandi ikuyesa zida Loweruka madzulo kunjira imeneyo ndimachepetsa liwiro.

Kulira kumeneku kuli ndi mankhwala ake osakhudza earth ya magetsi. Ampu, rack ndi mikisa zidye pa soketi imodzi, kudzera pa extension ya mawaya atatu. Zingwe za loop zikhale zazifupi, zisagone pamwamba pa ma adaputa. Zikakanika, pali kabokosi ka isolation transformer kamene kamaikidwa pa chingwe cha mawu pakati pa ampu ndi rack. Kabatani ka Ground Lift ka pa DI box, bokosi lolumikizira chida ku mikisa, nakonso kamadula pa chingwe cha mawu, osati pa pulagi, ndipo amene akukuuzani kuti n'chimodzimodzi musamupatsenso chida chanu. Bandi iliyonse ikhale ndi RCD ya 30 mA, kachipangizo kozimitsa magetsi akayamba kuthawira pambali, poyambira pa extension, kaya ndi pa magetsi a kukhoma kaya pa jenereta ya ku ukwati wa kumudzi.

Maiki ikakulumani mlomo, ngakhale pang'ono pokha, ikani gitala pansi, zimitsani pa soketi, nyimbo yotsalayo iimbidwe ndi m'manja. Muitane wa magetsi wokhala ndi mita ayeze earth kuyambira pa khoma mpaka pa chitsulo cha ampu musanayatsenso.