Mtengo wa mapeyala ukamafota, yambani mwaona mizu

Mayi wina anandiitana kuti ndikaone mtengo wawo wa mapeyala. Unali womezanitsa, wa zaka zinayi, ndipo unali utabereka kamodzi. Nditafika ndinapeza masamba atalendewera, achikasu, ang'onoang'ono, nthambi zakumwamba zikuuma kuyambira kunsonga. "Ndimauthirira m'mawa ndi madzulo, koma ukungofotabe," anatero mayiwo, ndowa ili m'manja. Ndinawapempha kuti ayambe atula ndowayo. Ndinagwada n'kufukula dothi ndi zala pansi pa nthambi. Linali lomata, lonunkha ngati la m'chithaphwi. Timizu tomwe ndinatulutsa tinali takuda bii, ndipo ndikati nditipinde tinkangothyoka. Ludzu unali nalodi mtengowo, koma pomwera madzi panali patawola.

Pa mitengo ya mapeyala yodwala imene ndimaitanidwira, yambiri vuto limakhala pansi, ngakhale eni ake amaloza masamba. Nkhani yake imayambira ku chibadwa cha mtengowu. Kwawo n'ku Mexico ndi ku Central America, m'nkhalango momwe pansi pamakhala masamba owolerana ndipo madzi a mvula sachedwa kulowa. Mizu yake yodyera sizama. Yambiri imayala m'masentimita 15 mpaka 30 apamwamba, kutsatira zowolerana zija. Ilibenso timaubweya tomwe mizu ya mbewu zambiri imamwera, choncho imamwa movutikira, komanso imafuna mpweya wambiri. Dothi likakhuta madzi mpweya umatha, ndipo madzi akangoima pamizu kwa masiku ochepa, ngakhale mtengo waukulu umatha kufa.

M'dothi lonyowa chonchi ndi momwe mumakhala mdani wamkulu wa mapeyala padziko lonse, kachilombo kofanana ndi nkhungu kotchedwa Phytophthora cinnamomi. Kanadziwika koyamba mu 1922 pa mitengo ya sinamoni ku Sumatra, n'chifukwa chake kali ndi dzina limenelo. Timbewu take timasambira m'madzi a m'dothi mpaka kukafika pa timizu tanthete. Mizu ikawola mtengo umalephera kumwa, masamba amafota, mwini wake amawonjezera madzi pofuna kuthandiza, kachilombo kaja n'kupeza njira yofikira mizu yotsala. Sikaopa mtengo wotchuka. Mapeyala onse a mtundu wa Hass anachokera ku mtengo umodzi wa Rudolph Hass, yemwe ankagwira ntchito yopereka makalata ku California. Anaudzala ku La Habra Heights m'zaka za m'ma 1920, ndipo unadulidwa mu 2002 utafa ndi kuwola kwa mizu komweku, ngakhale kuti akatswiri anauvutikira zaka zambiri.

Musanathire kanthu kalikonse, fukulani. Sankhani malo pakati pa thunthu ndi pomwe nthambi zathera, chotsani masamba, kumbani ndi zala kuzama ngati chikhatho. Mizu yamoyo imakhala yoyera, yonenepa kunsonga, yolimba. Yodwala imakhala yakuda, yothyoka msanga, kapena simuipeza n'komwe. Kenako fumbatani dothilo. Likaumbika koma n'kumwazika mukalikhudza, chinyontho chili bwino. Likamata m'manja kapena kudontha, madzi achuluka. Pali chizindikiro china chimene chimapusitsa anthu: mtengo wowola mizu nthawi zina umabereka tizipatso tambirimbiri tating'ono, masamba atatha. Mwini wake amasangalala, osadziwa kuti mtengo ukutsanzika.

Mukapeza mizu yakuda, lekani kuthirira kufikira dothi litayamba kuuma pamwamba, ndipo kumbani ngalande yoti madzi a mvula, a padenga kapena a pochapira asamathere pamtengo. Kenako phimbirani. Ikani masamba ouma, udzu wouma kapena timitengo todulidwadulidwa, muyalo wokhuthala masentimita 10, kufika pomwe nthambi zathera, koma siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuzungulira thunthu kuti khungwa lisanyowe n'kuwola. M'zophimbira zowolerana mumakhala tizilombo tina tolimbana ndi Phytophthora, ndipo mizu yatsopano imamera mmenemo. Apa ndinene zimene ambiri sakonda kumva: tsache ndi khasu zapha mapeyala ambiri kuposa mbozi. Pansi pa peyala sipasesedwa, sipalimidwa, ndipo sipadzalidwa maluwa ofuna kuthiriridwa tsiku lililonse. Masamba amene wagwetsa ndi chofunda chake.

Mankhwala alipo, a gulu la phosphonate, omwe alimi amapopera pamasamba kapena kubaya m'thunthu. Amathandiza mtengo kulimbana ndi matendawa, koma sachotsa kachilomboko m'dothi, ndipo ngati madzi akuimabe, ndalama zanu zangolowa m'madzi momwemo. Jipisamu, ufa woyera wokhala ndi kashiamu, akamwazidwa pansi pa zophimbira amathandizanso. Kwa mayi aja tinadula nthambi zouma, tinapatutsa madzi, tinaphimbira. Patatha miyezi ingapo tinafukulanso n'kupeza timizu toyera m'masamba owolerana. Chaka chotsatira sunabereke, ndipo ndinali nditawachenjezeratu.

Amene simunadzale, mwayi ndi wanu. Kumbani dzenje, lidzazeni madzi, mukalione mawa lake. Ngati madzi adakalimo, malowo si a peyala. M'dothi lamakande, dzenje lakuya lodzazidwa ndi dothi lofewa limasanduka mphika wosunga madzi, choncho ndi bwino kuunda mtumbira wotalika masentimita 30 mpaka 50 n'kudzala pamwamba pake. Mbande isalowe pansi kuposa mmene inalili m'chubu, ndipo pomezanitsa pakhale pamtunda. Mukamagula, funsani tsinde limene anamezanitsapo. Mitundu monga Duke 7 ndi Dusa imapirirako kuwola kwa mizu. Pomwe pafera peyala musadzalepo lina.

Kathiriridwe kake n'kosavuta: thirirani mokwanira kuti madzi alowe, kenako dikirani kuti pamwamba payambe kuuma. Kamtengo kakang'ono nyengo yotentha kangafune madzi kawiri kapena katatu pa sabata, mtengo waukulu wophimbiridwa bwino umapirira masiku ochulukirapo. Chala chanu chidzakuuzani bwino kuposa kalendala. Nthawi yosayenera kuumitsa mtengo ndi ya maluwa komanso pamene tizipatso tangoyamba kumene.

Sikuti tsamba lililonse losintha mtundu ndi matenda. Masamba anthete amatuluka ofiirira, n'kudzabiriwira pambuyo pake. Mitundu ina imayoyola masamba akale ambiri nthawi ya maluwa, moti mtengo umaoneka ngati wadwala, koma mphukira zimabwera posachedwa. Nsonga za masamba zikamapsa ngati zawauka ndi moto, kawirikawiri ndi mchere. Peyala silipirira mchere, kaya wa m'madzi othirira, wa feteleza wothiridwa mopyola muyeso, kapena wa zitosi za nkhuku zosawolerana. Kuthirira pang'onopang'ono tsiku lililonse kumaunjika mcherewo pamizu. Kuthirira kwambiri kamodzi pakapita nthawi, m'dothi lolowa madzi bwino, kumautsitsira pansi. Feteleza muzithira wochepa kangapo pachaka, momwaza pomwe nthambi zathera, osati mulu patsinde. Masamba akachita chikasu koma mitsempha ili yobiriwira, mtengo ukusowa ayironi kapena zinki, koma musathamangire kusitolo: nthawi zambiri michereyo ilimo m'dothi, mizu yonyowa ndi imene ikulephera kuitenga.

Khungwa nalo limapsa ndi dzuwa. Mtengo wothothoka masamba kapena wotenguliridwa kwambiri umang'aluka khungwa mbali ya dzuwa, n'kuda. Pakani laimu, kapena penti yoyera yosungunula ndi madzi, theka penti theka madzi. Penti yamafuta ayi.

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi lakuti, "Mtengo wakula mpaka kupitirira denga, bwanji sukubereka?" Ine ndimayamba ndafunsa komwe unachokera. Ngati munadzala nthangala ya peyala lomwe munadya n'kulikonda, konzekani kudikira zaka 5 mpaka 13, ndipo chipatso chake sichidzafanana ndi chija munadya, pakuti nthangala imatenga za makolo awiri. Chingakhale chokoma, chingakhalenso cha mitsitsi ndi madzi okhaokha. Womezanitsa umabereka pa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo umabereka mtundu weniweni wa nthambi imene anamezanitsa. Mtengo wa nthangala simuyenera kuugwetsa. Wodziwa ntchito angaudule n'kumezanitsa nthambi za mtundu wabwino pa mphukira zake, ndipo popeza mizu ndi yokhwima kale, subereka mochedwa. Pa mtengo womezanitsa muziyang'ana mphukira zotuluka pansi pa pomezanitsa n'kuzithyola zikadali zanthete. Mukazisiya zimakula mwamphamvu, n'kupha nthambi yabwino ija, inu n'kumasamalira mtengo wa nthangala osadziwa.

Maluwa a peyala ali ndi khalidwe lodabwitsa. Duwa lililonse limatseguka kawiri, koyamba ngati lachikazi, kachiwiri ngati lachimuna. Mitundu ya gulu A, monga Hass ndi Pinkerton, imatsegula duwa lachikazi m'mawa, n'kulitseka, n'kudzalitsegulanso mawa lake masana likutulutsa mungu. Ya gulu B, monga Fuerte ndi Ettinger, imatsegula lachikazi masana, lachimuna m'mawa wotsatira. Ndiye mtengo wa A ukayandikana ndi wa B, wina akamatulutsa mungu mnzake amakhala wokonzeka kulandira. Izi zisakuchititseni mantha ngati muli ndi mtengo umodzi. Nyengo ikasinthasintha ndondomekoyi imasokonekera, maluwa aamuna ndi aakazi n'kupezana pamtengo womwewo, ndipo mitengo yambiri yokhala yokha imabereka. Koma mungu suyenda wokha. Amaunyamula ndi njuchi ndi ntchentche zina, choncho wopopera mankhwala ophera tizilombo mtengo uli pamaluwa amadziphera yekha zokolola.

Tizipatso tikayamba kuyoyoka, anthu amada nkhawa. Mtengo waukulu umatha kutulutsa maluwa okwana miliyoni, ndipo osafika limodzi pa 100 alionse ndi amene amadzakhala zipatso zokolola. Kugwetsa n'kwachibadwa, mtengo umasiya zimene ungathe kulera. Kumanyanya pakakhala ludzu, mphepo yotentha, kapenanso mizu yowola ija. Nayitrojeni wochuluka amabweretsa masamba okongola ndi zipatso zochepa. Ndipo peyala limakonda kubereka kwambiri chaka chino n'kupumula chaka chamawa, makamaka zipatso zikasiyidwa mumtengo nthawi yaitali.

Peyala silipsa lili mumtengo. Limangokhwima, ndipo limafewa likathyoledwa. Kuti mudziwe ngati nthawi yakwana, thyolani awiri kapena atatu akuluakulu, muwaike m'nyumba. Akafewa bwino pasanathe masabata awiri, osakwinyika, yambani kukolola. Akakwinyika n'kukhala ngati mphira, dikirani masabata ena n'kuyesanso. Kololani kukakhala kouma, ndipo dulani ndi kaphesi kake, chifukwa pomwe phesi lazuka ndi pomwe kuwola kumalowera. Madontho akuda olowa mkati amene amaoneka chipatso chikamafewa ndi matenda a anthracnose. Amalowa chipatso chikadali chaching'ono mumtengo, nthawi ya mvula, n'kubisala mpaka chitapsa. Kuchotsa nthambi zouma, kutengulira kuti mphepo izidutsa, ndi kupopera mankhwala a kopa zipatso zikukula kumawachepetsa.

Nthambi zimene mwatengulirazo musaponyere ziweto. Masamba, khungwa ndi nthangala za peyala zili ndi poizoni wotchedwa persin, yemwe amavulaza mbuzi, ng'ombe, akavalo, akalulu ndi mbalame, ndipo chiweto choyamwitsa chimatupa bere mkaka n'kuchepa. Ziduleni tizidutswa, muziyale pansi pa mtengo womwewo, kupatula zimene zili ndi matenda, zomwe muyenera kuzichotsa pamalopo.